Ngale M'mano a Chiwanda

Antwerp, 3 Malichi 1561

Achemwali anga Afra,

Ndikupatsani moni kuchokera kuno kudoko. Muli bwanji kumeneko, inu, Bambo ndi azakhali a Walburga? Ine ndili bwino, kungoti nsomba zamchere za nyengo ya Lenti zandikola, ndipo mowa wa kuno ndi wosukuluka, ukamwa makapu atatu umangomva kukhuta basi.

Wangolo amene amabweretsa nsalu za kwathu wandiuza kuti mukukwatiwa ndi a Utz okonza mawotchi aja. Ndasangalala zedi. Munthu amene amatha sabata yathunthu akupala kagudumu kamodzi, sindikudabwa kuti zamutengera zaka zisanu kuti atsegule pakamwa. Muwauze alamuwo kuti ndavomera, ngakhale palibe amene wandifunsa.

Mphatso yanga ndi pepala lomwe ndapindira m'kalatamu. Ndi chithunzi cha cholendewera cha pa mkanda wa mkwatibwi. Ndajambula ndekha, ndazokota ndekha pa kathabwa ka mkuwa, ndipo abwana anga a Joos asindikiza mapepala ambiri oti agulitse kwa amisiri a golide. Ntchito imeneyi ili ndi nkhanza zake. Chilichonse umazokota mobwerera, chifukwa pepala likagona pa mkuwa, chimene chinali kumanja chimatulukira kumanzere. Chaka choyamba ndinatulutsa bishopu akudalitsa anthu ndi dzanja lamanzere, a Joos anaseka mpaka kutsamwa. Pano ndinazolowera, sindiphonyanso.

Ndikufotokozereni zili pamenepo azakhali asanakufotokozereni zawo. Mkazi amene waima pa chigoba cha nkhonoyo, Aroma akale ankamutcha mulungu wa chikondi. Sitikumupembedza ayi. Timangomubwereka kuti anene zimene mwamuna amachita nazo manyazi, monga a Utz. Awiri a miyendo ya mbuzi amene ali m'mbaliwo ndi chilakolako cha thupi, n'chifukwa chake ndawamanga manja ndi nthambi za mpesa. M'banja chilakolako chikhalemo, koma chikhale pa chingwe. Pansi penipeni pali nkhope ya chiwanda cha nyanga chitaluma ngale. Amisiri a kuno amati chiwanda uchiike pansi, uchisenzetse katundu, chisowe mpata wolankhula. Ena amati nkhope yoipa imabweza diso loipa. Ngale yake ikhale ya malemu Amayi, yopindika ija imene Bambo amasunga m'kabokosi.

Tsopano ndinene chimene chandilembetsa. Papita zaka zitatu chiponyereni Bambo chithunzi changa pa moto wa ng'anjo, n'kunena kuti pa benchi lawo la umisiri wa golide sipakhala ziwanda kapena wozijambula. Ndinachoka opanda mdalitso wawo. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndikudziwa, koma ine ndapukwa kwathu ndipo ndikufuna kubwerera pa benchi lija. Muwaonetse pepalali. Akaliponya pa moto, ndidziwa kuti khomo n'lotsekabe. Akalilandira ndi mtima wonse, ndinyamuka. Mundilembere mawu awo enieni, osathira mchere.

Ine mlongo wanu,
Endres

Augsburg, 21 Malichi 1561

Iwe Endres,

Moni wako talandira, nafenso tili bwino. Chisanu chatha, mtsinje wadzaza, ndipo azakhali ayamba kale kulira kuti ndani adzawamangire mpango pa msana ine ndikapita kwa a Utz, ngati kuti ndikukwatiwa kutsidya la nyanja pamene ndi nyumba yachinayi kuchoka pa yathu.

Ndiyambe ndi kukuthokoza, kenako ndikukoke khutu. Pepala lako ndi lokongola. Ndaliyang'ana mpaka maso kuwawa ndipo ndanyadira kuti ndine mlongo wako. Koma mwana iwe, mutu wako ukuyenda bwino? Chiwanda chakocho ukuyesa kuti sitikuchidziwa? Mphuno yokhota ija, imene inathyoledwa ndi chogwirira cha mvukuto. Chipsera cha siliva wosungunuka chodula nsidze pakati. Mlomo wam'munsi wotuluka, monga amachitira akamayang'ana ntchito ya munthu imene sakufuna kuiyamikira. Bambo ako okubala wawameretsa nyanga, kenako ukupempha mdalitso ndi pepala lomwelo.

Azakhali ataliona anangokhala pa thumba la makala.

"Mayo ine, uyu si Sixt uyu? Mlongo wanga weniweni amuika nyanga. Nanga mai awa zovala anazisiya kuti? Afra, ukalowa nazo m'tchalitchi zimenezi denga likugwera."

Ine ndinati, "Azakhali, pa denga la tchalitchi lomwelo pali ziwanda za miyala zimene zimalavula madzi a mvula, koma silinagwepo."

Iwo, "Zimenezo n'zobatizidwa."

A Utz analiyang'ana nthawi yokwanira kuphika mazira, n'kunena kuti, "Ngaleyo yagwiridwa molimba." Anathera pomwepo. Ndi munthu ameneyu ndikukakhala naye, undipempherere.

Bambo ndinawapatsa titatha kudya masana. Anapita nalo pa windo. Azakhali anaima pakhomo n'kunena kuti, "Iwe Sixt, muli Satana m'menemo." Za nkhopeyo sanayerekeze kutchula. Bambo anayankha osatembenuka, "Walburga, iwe Satana umamuona ndi mu mphika wa kabichi momwe." Analigwira nthawi yaitali, kuliyandikiza, kulitalikitsa. Ine ndinkangoyang'ana ng'anjo imene inali ikuyaka. Kenako anati, "Masamba ake ndi okongola. Chipangidwe monga chiliri."

Mawu awo ndi omwewo, sindinathire mchere kapena kuchotsapo. Ukwati ndi kumapeto kwa Julayi. Ulembe kuti ukufika liti.

Mlongo wako,
Afra

Antwerp, 8 Epulo 1561

Achemwali,

Ndikhulupirira Pasaka mwadya bwino. Ife a Joos anatiphera mwana wa nkhosa, ndipo ndikanasangalala kwambiri kalata yanu ikanapanda kufika tsiku lomwelo.

Masamba. Ndakhala miyezi iwiri nditawerama pa mkuwa uja, ndazokota nkhope zinayi, zala, nyanga, tsitsi limodzilimodzi, ndiye iwo aona masamba. Mwaiwala khalidwe lawo kodi? Mmisiri wapaulendo akabwera kudzafuna ntchito n'kuwaonetsa mphete yosawasangalatsa, ankayamikira kabokosi kake. "Kabokosi kabwino aka, anakupangira ndani?" Munthu uja ankadziwa yekha kuti atole chipewa chake azipita. Masamba amenewa ndi kabokosi kanga. Avomera kuti chipangidwe chifukwa ukwati ndi wanu, osati chifukwa ntchito ndi yanga.

Za nkhopeyo ndavomera, ndi iwo. Sindinayambe ndi cholinga chimenecho. Ndinkafuna nkhope yoopsa, ndipo dzanja linangopita lokha ku nkhope imene ndinkaiopa kuyambira ndili wamng'ono. Ndinazindikira ndili pakati, ndinaseka, n'kupitiriza, poganiza kuti kanthu kochepa ngati chikhadabo, kokhalanso ndi nyanga, palibe angakazindikire. Ndinapusa. Ndiye ngati inu, azakhali ndi a Utz mwaiona, iwonso aiona, ndipo andiyankha m'njira yawo. Bola akanakalipa, ndikanadziwa popepesera.

Ku ukwati sindibwera, mundikhululukire. Sindikufuna kudzakhala pa tebulo lanu ngati mlendo amene akungomupirira. A Joos ali ndi mnzawo ku Venice amene akufuna wozokota, ndipo akuti andilembera kalata yopita nayo dzinja lisanayambe. Si zoipa, akuti kumeneko kuli dzuwa komanso vinyo wotchipa. Mundiuzebe za kunyumba. Mtengo wa mapeyala wa kuseri uja unaphukanso?

Endres

Augsburg, 22 Epulo 1561

Endres, mlongo wanga wopusa,

Tili bwino, mtengo wa mapeyala uli mbuu ndi maluwa, ndipo ine ndikuphwanya lumbiro chifukwa cha iwe. Mulungu andikhululukire, Bambo ndithana nawo ndekha.

Bambo sanaone nkhope yawo. Sanaonenso mkazi wako wa pa chigoba, kapena mbuzi zako, kapena masamba amene. Ali ndi ng'ala m'maso onse awiri. Inayamba chaka chimene unachoka, ndipo pano amangoona kuwala kwa windo ndi mithunzi ya anthu. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, makamaka iwe, chifukwa akuti safuna mwana wobwera kunyumba ndi chisoni m'malo mwa luso. Ngakhale azakhali amangoyesa kuti ndi ukalamba wamba. Tsiku lija pa windo anangoganizira kuti pa chithunzi cha cholendewera sipalephera masamba, ndiye anayamikira chimene sakanalakwitsa. Madzulo ake ndinawapeza akusisita pepalalo ndi chala, ngati kuti inki ingawauze kanthu.

Ukudabwa kuti ntchito ikuyenda bwanji? Ikuyenda ndi manja anga. Zaka ziwiri tsopano ine ndimasema phula lopangira zikombole za golide, ndimaika miyala, iwo amakhala pambali panga. Ndikamaliza amatenga n'kuyendetsa nsonga ya chala paliponse, ndipo usanyoze chala chimenecho, chimaona kuposa maso a iwe ndi ine. "Apa pakhuthala. Apa wachita ulesi." Ndimalira, ndimakonza, ndipo amakhala akunena zoona. Kunena chilungamo zaka zimenezi ndazikonda. Sindinkadziwa kuti Bambo amadziwa nthabwala mpaka pamene anayamba kudalira maso anga.

Vuto ndi ili. Andilamula kuti ndiseme phula la cholendewera chako ndendende monga chiliri pa pepala. Anati, "Usasinthe mzere ndi umodzi womwe. Ndikufuna kumva dzanja la mwana wanga." Ndikasema monga chiliri, chala chawo chifika pa mphuno ija, ndipo mphuno yawo amaidziwa. Ndikasintha sangadziwe, koma ine pa benchi sindinawanamizepo, ndipo munthu wosaona kumunamiza ndi tchimo lolemera kawiri. Chithunzi ndi chako, manyazi ndi ako, ndiye unene ndiwe. Ukati ndisinthe, ndisintha, tchimolo tigawana. Ndiyamba ndi kumwamba kuti ndikupatse nthawi, koma pofika pakati pa Meyi ndikhala nditafika pa chiwanda. Ukakhala chete ndisema monga chiliri.

Za ku Venice usandiuzenso.

Afra

Antwerp, 3 Meyi 1561

Achemwali,

Moni wachidule, wangolo akumanga kale mahatchi. Kalata yanu ndawerenga nditaimirira. Zaka zitatu ndakhala ndikukangana nawo mumtima mwanga, osadziwa kuti ndikukangana ndi munthu amene kuwala kukumuthawa. Ndili ndi manyazi aakulu.

Sinthani nkhopeyo, chonde. Wongolani mphuno, fafanizani chipsera, bwezani mlomo. Ikani nkhope ya mkango, ya kadzidzi, ngakhale yanga imene, ndiyo yoyenera nyanga. Akufuna kumva dzanja la mwana wawo, ndiye chinthu choyamba chimene amve chisakhale chipongwe. Tchimolo musagawane nane, ndalitenga lonse. Mkuwa uja ndawapempha a Joos kuti ndiupale, koma akana, akuti mapepala ake akuyenda malonda kuposa ena onse, makamaka chifukwa cha chiwandacho. Amisiri akuti sanaonepo nkhope yooneka ngati ikufuna kukudzudzula.

Ndiyankheni msanga.

Endres

Augsburg, 4 Juni 1561

Endres,

Ndine Afra. Kalata yako ya pa 3 Meyi yafika dzulo. Wangolo uja anathyokerwa gudumu pafupi ndi Cologne, kenako anadwala m'mimba, n'kukhala kumeneko masabata atatu kalata yako ili m'chipewa chake. Yafika ikununkha thukuta ndi tchizi. Ine ndinadikira mpaka pa 20 Meyi, ndipo poona kuti uli chete ndinasema monga chiliri.

Ndinawapatsa phulalo tsiku lina m'mawa, azakhali ali kumsika. Anayambira kumwamba. Pa mkazi uja anatsokomola n'kunena kuti, "Ameneyu azizidwa." Pa a miyendo ya mbuzi anang'ung'udza, koma atamva nthambi zomanga manja anagwedeza mutu. Kenako chala chinatsikira pansi. Chinakwera nyanga imodzi, chinatsika inzake, chinafika pa nsidze n'kuima. Ndinawaona akunyamula dzanja linalo n'kugwira nsidze yawo. Kenako mphuno ya phula, kenako mphuno yawo. Ine ndinali nditagwira m'mphepete mwa benchi, ndikupempha oyera mtima onse amene ndimawadziwa maina.

Anati, "Afra, tenga makalata onse a mlongo wako undiwerengere, osadumpha."

Ndinawerenga. Dzulo ndawawerengeranso yochedwayi. Tsopano ali pano pambali panga, mlomo uja uli panja, akuti ndilembe zimene anene. Kuyambira apa ndi iwo.

Mwana wanga Endres,

Moni. Ndamva kuti uli bwino ndiponso kuti mowa wa kumeneko ndi woipa. Zimenezo ndikanakuuza usanapite.

Inu ana mumayesa kuti munthu akasiya kuona amasiyanso kumva. Miyezi iwiri m'nyumba muno anthu akhala akunong'onezana, Walburga akumausa moyo akaima pafupi ndi mutu wanga, ngakhale Utz amene salankhula anandifunsa ngati chipewa chikundikwanabe. Ndinadziwa kuti pa pepala paja pali kanthu. Sindinkadziwa kuti kanthuko ndine.

Za ziwanda maganizo anga sanasinthe kwenikweni. Sindizikonda. Koma Afra wandiwerengera zimene unalemba, zoti chiwanda uchiike pansi n'kuchisenzetsa katundu kuti chisalankhule, ndipo ndaona kuti amayi ako ankachita chimodzimodzi ndi ine. Ndikayamba kukalipa ankandipatsa ndowa kuti ndikatunge madzi.

Chithunzi chako chija chimene ndinaotcha, ndinachiyang'ana kaye ndisanachiponye. Chinali chabwino, ndipo n'chimene chinandiopsa. Ndinaopa zinthu ziwiri, kuti utaya moyo wako ndi zachikunja, ndiponso kuti mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi wandiposa pa benchi langa lomwe. Choyambacho ndinachinena mokuwa, chachiwiricho ndinachimeza. Chandikhala pakhosi zaka zitatu, lero ndachilavula. Afra akulira, akudonthezera misozi pa pepala, ukaona madontho usati ndi anga.

Wapempha kuti nkhopeyo isinthidwe. Ndakana. Ngale ya amayi ako waiika m'mano mwanga. Tinaiyesa pa phula, ndipo ndinamva ndi chala mmene nsagwada zaigwirira. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndinawagwira choncho amayi ako, koma nthenda inandilanda m'sabata imodzi. Apa pokha palibe amene adzandilande. Mwana wanga wamkazi akalowa m'tchalitchi ali ndi amayi ake ndi bambo ake pachifuwa, ndipo woyang'ana ndi diso loipa akakumana ndi nkhope yanga, tione ngati angayang'anenso kachiwiri. Nyangazo zikhale, zandikhala bwino kuposa chipewa.

Koma pali cholakwa chimodzi chimene sindingachilole kutuluka m'nyumba ya Sixt. Mphuno yanga inakhotera kumanzere. Mzinda wonse ukudziwa, mvukuto umene unaithyola ukadalipo, ungathe kuufunsa. Ya chiwanda chako yakhotera kumanja, ndipo chipsera chili pa nsidze yolakwika. Unandizokota pa mkuwa monga umandikumbukirira, n'kuiwala kuti pepala limatembenuza. Iwe amene unalemba kuti unazolowera, suphonyanso. Anthu atatu a maso aliyang'ana pepalalo miyezi iwiri osaona, mpaka wakhungu ndiye wagwira wakuba. Kodi a Joos akowo amakuphunzitsa chiyani?

Golide sitithira mpaka cholakwacho chikonzedwe, ndipo Afra ndamuletsa kuchikhudza. Wolakwitsa ndiye amakonza, ndi lamulo la benchi lino kuyambira nthawi ya agogo ako. Ndiye ngati sukufuna kuti mlongo wako akwatiwe khosi lili lopanda kanthu, usadikire wangolo wa m'mimba uja, ukwere hatchi. Ukafika ndidzakhala pa mpando wa pa windo tsiku lonse osagwedezeka, udzandiyang'ane bwinobwino, uikhotetsere mphunoyo kumene Mulungu ndi mvukuto anaikhotetsera. Ukadzamaliza udzakhale iwe pa mpandowo, chifukwa inenso sindikudziwa kuti nkhope yako ikuoneka bwanji tsopano, ndipo ndiyenera kuiona ndi chala.

Ndine Afra tsopano: Bambo akuti ndiwapatse cholembera, mzere womaliza alemba okha. Zilembo zake zakwera phiri ndipo zina zagwera pa benchi, koma uwerenga.

Bwera. Malo ako ndapukuta ndekha.

Bambo ako,
Sixt